Osunga mbiri m'nyumba zakale: ntchito yawo ndi yotani?

Nyumba zina zakale, zimene munkakhala anthu odziwika kapena mudachitikira zinthu zazikulu, zimasandutsidwa malo osungiramo mbiri. Mlendo akalowamo amapeza mipando, zithunzi, makalata ndi ziwiya zili m'malo mwake ngati eni ake angotuluka kumene. Chimene saona ndi kaundula: buku kapena mndandanda wa pakompyuta wofotokoza kuti chinthu chilichonse n'chiyani, chidachokera kwa yani, chidafika liti ndipo chili m'chipinda chiti. Kulemba kaundulayu ndi kuteteza zinthuzo kuti zisaonongeke ndiyo ntchito ya wosunga mbiri. Ntchitoyi ikapanda kugwiridwa, mpando wa zaka 120 umangokhala mpando wakutha, ndipo chithunzi chimangokhala cha anthu osadziwika.

Nyumba ziwiri za m'dziko muno

Imodzi mwa nyumba zotere ndi Mandala House mumzinda wa Blantyre, yomwe idamangidwa m'chaka cha 1882 ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba zomangidwa ndi Azungu zimene zidakalipo m'dziko muno. Idali ya kampani ya African Lakes, yomwe idakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndipo kuno ankaiyendetsa ndi anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala lidachokera ku magalasi a m'maso amene John ankavala. M'zipinda zapamwamba za nyumbayi muli laibulale ndi nkhokwe ya zolemba zakale ya bungwe la Society of Malawi, lomwe lidayamba m'chaka cha 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society. Mumasungidwa mabuku, mapu, zithunzi komanso magazini ya bungweli, imene idayamba kutuluka m'chaka cha 1948.

Ina ndi Stone House ku Livingstonia m'boma la Rumphi, kumene kunkakhala Dr Robert Laws. Mmishonaleyu adafika kunyanja m'chaka cha 1875, adasamutsira mishoni ku Khondowe m'chaka cha 1894, ndipo adabwerera kwawo ku Scotland m'chaka cha 1927. Mbali ina ya nyumba yake tsopano ndi malo oonetserako zakale, ndipo muli makalata, zithunzi, mabuku ndi zipangizo zachipatala za m'nthawi ya mishoni.

Vuto la nyumba imene sidamangidwire kusunga

Nyumba ngati ya ku Chichiri, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1966, idamangidwa ndi cholinga chosunga ndi kuonetsa zakale. Mandala House ndi Stone House zidamangidwa kuti muzikhala anthu. Zili ndi mawindo olowetsa dzuwa ndi fumbi, matabwa okoma kwa chiswe ndi madenga amene akalamba. Komanso nyumbayo payokha ndi chinthu choyamba chofunika kutetezedwa, kotero wosunga mbiri sangangoboola khoma kuti aike makina oziziritsa mpweya, kapena kugumula chipinda kuti akuze mosungiramo katundu. Ku Malawi kuno nyumba zimene boma lidazilengeza kuti ndi zipilala za dziko zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo sizisinthidwa popanda chilolezo.

Palinso kukokana pakati pa kuonetsa ndi kusunga. Alendo amafuna kuona kalata ili patebulo pomwe idalembedwera, koma kalata imene yakhala poyera zaka zingapo imafufuma. N'chifukwa chake kawirikawiri patebulo pamaikidwa kope yojambula, pomwe kalata yeniyeniyo imagona m'bokosi mumdima.

Kalembedwe ka kaundula

Chinthu chikangofika, ntchito yoyamba ndi kulemba amene wachipereka, tsiku, ndiponso ngati chaperekedwa ngati mphatso, chagulidwa kapena changobwerekedwa. Woperekayo amasayina chikalata. Izi zimathetsa mikangano imene imabuka pakapita zaka, adzukulu akabwera kudzafuna katundu wa agogo awo.

Kenaka chinthucho chimapatsidwa nambala yakeyake yosasintha. Nyumba zambiri zimagwiritsa ntchito nambala ya zigawo zitatu. Mwachitsanzo, 1998.4.12 ingatanthauze chinthu cha nambala 12 m'katundu wachinayi amene adalandiridwa m'chaka cha 1998. Papepala nambalayi imalembedwa kuseri ndi pensulo yofewa, pansalu imalembedwa pakansalu kena n'kusokerera. Mfundo yake ndi yakuti chilichonse chimene wosunga mbiri wachita pachinthu chakale chizitheka kuchotsedwa osasiya chipsera.

Ndiye pamabwera kufotokoza: dzina la chinthu, chimene chidapangidwa nacho, kukula kwake, amene adachipanga, nthawi yake, pomwe chaonongeka ndi chithunzi chake. M'nyumba yakale amalembanso chipinda ndi malo enieni pomwe chidapezeka, chifukwa buku lopezeka pambali pa bedi limanena za mwini wake zimene buku lopezeka m'nyumba yosungira katundu silinganene.

Zolemba zili ndi malamulo ake awiri amene osunga mbiri padziko lonse amatsata. Loyamba ndi lakuti mapepala ochokera kwa munthu mmodzi kapena ofesi imodzi asasakanizidwe ndi a wina, ngakhale atakhala kuti akukamba nkhani imodzi. Lachiwiri ndi lakuti asiyidwe mu ndondomeko imene mwini wake adawasanjira. Munthu akatenga makalata a mmishonale n'kuwagawa, a zasukulu apa, a zachipatala apo, amadula ulusi woonetsa kuti kalata iyi inkayankha iti ndipo adayamba kulemba ndani. Pofotokoza zolemba amayambira pagulu lonse, n'kutsikira ku zigawo, mafayilo, mpaka pepala limodzi. Njirayi ndiyo ili mu ndondomeko ya ISAD(G) ya bungwe la International Council on Archives.

Adani a zosungidwa

Mdani wamkulu kuno kwathu ndi chinyezi. Chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imayamba kumera pamapepala, pazikopa ndi pansalu. Akatswiri amalangiza kuti mosungira mapepala muzikhala mozizirirako, pafupifupi madigiri 20 kapena kucheperapo, ndipo chinyezi chizikhala cha m'ma 50 peresenti osasinthasintha. Izi n'zovuta ku Blantyre m'dzinja ndi m'nyengo ya chiperoni, komanso pamwamba pa phiri ku Livingstonia. Pomwe palibe makina, amadalira njira zosalira ndalama zambiri: kuika mashelefu patali ndi khoma, kukweza mabokosi kuti asakhudze pansi, kulola mpweya kuyenda ndi kukonza denga mvula isadayambe.

Tizilombo nato sitigona. Chiswe chimatha kudya buku m'kati chikuto chili chilili, mphemvu zimadya guluu womatira mabuku, njenjete zimaboola nsalu ndipo makoswe amamanga zisa ndi mapepala. Kupopera mankhwala pazinthu zakale kumaziononga ndipo kumadwalitsa ogwira ntchito, kotero ambiri amakonda kutchera misampha, kusesa pafupipafupi ndi kuletsa chakudya m'zipinda. Chinthu chimene chagwidwa kale chimakulungidwa m'pulasitiki n'kuikidwa mufiriji yozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa sabata kapena kuposerapo, kuti tizilombo ndi mazira ake zife.

Adani ena ali m'pepala momwemo. Mapepala ambiri opangidwa kuchokera ku mitengo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ali ndi asidi amene amawasandutsa achikasu ndi ophwanyika. Inki ina yakale yokhala ndi chitsulo imadya pepala mpaka zilembo kusanduka mabowo. Mapini amachita dzimbiri, ndipo selotepi imasiya banga losachoka. Wosunga mbiri amachotsa zitsulo zonsezi ndi kuika mapepala m'mafayilo ndi m'mabokosi opanda asidi.

Phunziro la moto

Dziko lino likudziwa mtengo wa kutaya zolemba. Mu Febuluwale 1919 moto udatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za boma la atsamunda kuyambira 1891 zidapsa. Ofufuza mbiri ya zaka zimenezo, kuphatikizapo nkhondo ya John Chilembwe ya 1915, amadalira kwambiri makope amene adatumizidwa ku London ndi zimene amishoni, makampani ndi mabanja adasunga. Apa ndi pomwe kufunika kwa nkhokwe zazing'ono za m'nyumba zakale kumaonekera, pambali pa National Archives of Malawi ku Zomba, imene idayamba m'chaka cha 1947. Mu Disembala 2015 moto udaononganso laibulale ya Mzuzu University.

Chifukwa cha ngozi zotere, nyumba iliyonse imayenera kukhala ndi mndandanda wa zinthu zoyamba kupulumutsa, ndipo kope ya kaundula imasungidwa kumalo ena. Kaundula yemweyo ndiye umboni chinthu chikabedwa, chifukwa popanda chithunzi ndi nambala n'kovuta kutsimikizira apolisi kuti chopezeka pamsika ndi cha nyumbayo.

Makina ojambulira

Kujambula zolemba n'kuziika pakompyuta kumathandiza kuti ofufuza aziwerenga osagwira pepala lenileni. Nthawi zina kumabweza ngakhale zimene zidafufutika. Ku Blantyre wa ku Scotland, komwe dzina la mzinda wathu lidachokera, nyumba imene David Livingstone adabadwiramo m'chaka cha 1813 idasanduka malo osungiramo mbiri m'chaka cha 1929. Kumeneko kudasungidwa masamba a zimene iye adalemba m'chaka cha 1871 ali ku Nyangwe, m'dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo. Mapepala ndi inki zitamuthera, adalemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ndi inki yopangidwa kuchokera ku zomera, ndipo zilembozo zidazilala mpaka kusawerengeka. Akatswiri adazijambula ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana, ndipo m'chaka cha 2011 zimene adalemba zokhudza kuphedwa kwa anthu pamsika wa Nyangwe zidawerengekanso. Zidatheka chifukwa wina adasunga masamba amene ankaoneka opanda ntchito. Ichi n'chifukwa chake pepala lenileni silitayidwa ngakhale litajambulidwa.

Mayina osowa m'kaundula

Nyumba zambiri zotere zimatchulidwa ndi dzina la mwini wake, koma munkakhala ndi kugwira ntchito anthu ambiri: oumba njerwa, osema miyala, ophika, aphunzitsi ndi amtengatenga amene ankasenza katundu wa kampani. Pazithunzi zambiri za nthawi ya atsamunda, Mzungu adalembedwa dzina pomwe Amalawi oima naye adangotchedwa antchito. Gawo lina la ntchito ya wosunga mbiri lero ndi kufufuza mayinawa m'mabuku a malipiro, m'kaundula wa ubatizo ndi kwa akuluakulu a m'midzi yozungulira, n'kuwaonjezera m'kaundula pamodzi ndi dzina la amene wapereka umboniwo. Ntchito imeneyi ili ndi malire a nthawi, pakuti odziwa nkhopezo akutha.

Maphunziro ake ndi zimene banja lingachite

Ambiri ogwira ntchitoyi amaphunzira mbiri yakale kapena kasungidwe ka mabuku ndi zolemba, maphunziro amene Mzuzu University imapereka. Koma mfundo zake zimagwiranso ntchito pakhomo. Banja limene lili ndi makalata a agogo amene adapita ku Joni, ziphaso zakale kapena zithunzi zaukwati lingazisunge m'bokosi pamalo ouma ndi amdima, osazimata ndi selotepi kapena kuzikutira ndi pulasitiki yootcha. Koposa zonse, lilembe ndi pensulo kuseri kwa chithunzi chilichonse mayina a anthu, malo ndi chaka, owadziwa adakali moyo.