Nkhalango ndi Mtsinje wa Chalimbana

Kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli, kuli mtsinje wa Chalimbana umene uthira madzi ace m'Chongwe. Magwero ace ali m'nkhalango imene Boma linaipatula m'caka ca 1957, kuti munthu asadulemo mtengo.

M'caka ca 1983 lamulolo linacotsedwa. Pomwepo analowamo odula mitengo, okumba mcenga ndi ootca makala, pakuti mzinda wa Lusaka unali kukula, ndipo mabanja ambiri anali kuphikira pa mbaula. Mitengo itacepa, madzi a mvula analeka kulowa pansi, nayamba kuthamanga pamwamba ndi kukokolola nthaka. Mtsinje unayamba kuphwa. Anthu okhala m'mbali mwace anadandaula kwa Boma, ndipo m'caka ca 1996 nkhalangoyo inacinjirizidwanso. Koma kuyambira 2017 zigawo zina zinaperekedwa kuti pamangidwe nyumba.

Inu amene mwatsiriza sukulu, fotokozerani ang'ono anu mbiri imeneyi. Aphunzitseni kubvundikira mphika pophika, kuzima makala otsala ndi kuwasungira mawa, ndiponso kubzyala mtengo pamene padulidwa wina. Pakuti makala oonongeka m'mzinda acepetsa madzi a ku Chalimbana.