Mpira wa Rugby m'Sukulu ndi Chilungamo cha Basale

Mwana wokulira pa Madisi, m'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu, amadziwa mpira wa miyendo ndi wa manja. Mpira wa rugby, wooneka ngati dzira, umene osewera 15 mbali iliyonse amathamanga nawo ali chigwirire m'manja, ndi wachilendo kwa iye. Komabe mbiri ya masewerawa m'sukulu za ku South Africa, dziko limene amuna ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi ankakagwirako ntchito pa Wenela, ili ndi phunziro lokhudza mwana aliyense wakumudzi.

Masewerawa anatenga dzina lawo ku sukulu ya Rugby ya ku England, ndipo anafika ku South Africa ndi atsamunda. M'chaka cha 1964, mumzinda wa East London, munayambika mpikisano wa anyamata a sukulu za sekondale wotchedwa Craven Week, pokumbukira ntchito za mkulu wa masewerawa, Danie Craven. Chigawo chilichonse chinkatumiza anyamata ake aluso, ndipo ambiri amene pambuyo pake anasewera m'timu ya dziko ya Springboks anaonekera kumeneko. Koma chifukwa cha ulamuliro wa tsankho, mpikisanowu unali wa azungu okhaokha. Ana a anthu akuda ankaseweranso rugby, makamaka ku Eastern Cape, koma pa mabwalo oguga, popanda wowapenya.

Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Mu 1980 anyamata a Makaladi analoledwa kulowa mumpikisanowu, ngakhale kuti azungu ena anatsutsa kolimba. Mu 1992 mabungwe a rugby amene anali ogawikana potsata khungu anaphatikizidwa kukhala limodzi. Pamene Nelson Mandela ankapereka chikho cha dziko lonse kwa Francois Pienaar mu 1995, m'timu yopambanayo munali wosewera mmodzi yekha wosakhala mzungu, Chester Williams. Pofuna kukonza zimenezi, akuluakulu analamula kuti chigawo chilichonse chizibwera ku Craven Week ndi chiwerengero choikika cha anyamata akuda.

Lamuloli linatsegula khomo, koma silinamange mabwalo kumidzi. Sukulu zolemera, zokhala ndi aphunzitsi a masewera ndiponso chakudya chokwanira, zinayamba kufunafuna ana aluso m'madera osauka ndi kuwalipirira sukulu. Thandizo lotere ndilo limatchedwa basale. Mmodzi mwa amene anapindula nalo ndi Siya Kolisi, wobadwa mu 1991, amene analeredwa ndi agogo ake aakazi mu umphawi wadzaoneni ku Zwide. Ali ndi zaka 12 anaonedwa pampikisano wa ana ku Mossel Bay, napatsidwa malo pa sukulu ya Grey ku Port Elizabeth. Mu 2018 anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala kaputeni wa Springboks, ndipo anatsogolera timuyi potenga chikho cha dziko lonse mu 2019 ndi mu 2023.

Nkhani ya Kolisi ndi yokondweretsa, koma imadzutsa funso. Nanga anzake amene sanapite ku Mossel Bay tsiku limenelo anathera kuti? Basale imanyamula mwana mmodzi n'kusiya sukulu yake ili chikhalire, ndipo timu yakumudzi ikalandidwa katswiri wake imafooka. Mwana wotengedwayo amasenzanso katundu wolemera, poti akavulala kapena luso likatsika, tsogolo lake limagwedezeka. Makazole Mapimpi, wa m'mudzi wa Tsholomnqa, ndiye mboni ya ana osiyidwawo. Iye sanaphunzire pa sukulu yotchuka, ndipo analowa m'timu ya dziko mochedwa, ali ndi zaka 27. Komabe mu 2019, pamene South Africa inagonjetsa England 32 kwa 12 ku Yokohama, iye ndiye anayamba kukagwetsa mpira kuseri kwa mzere wa adaniwo.

Dziko la Malawi nalo linayesapo njira yosankha ochepa. Sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, inkatenga ana anzeru m'boma lililonse n'kuwaphunzitsa popanda makolo kulipira. Osankhidwawo anapindula kwambiri, koma unyinji wa anzawo unatsala m'makalasi opanda mabuku okwanira.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Basale ndi yabwino ndipo siyenera kunyozedwa, pakuti yapulumutsa ana ambiri. Koma chilungamo chenicheni chidzaoneka pamene mpikisano udzayambire kumudzi, ndiponso pamene bwalo, mpira ndi mphunzitsi zidzampeze mwana kwawo, kaya ndi ku Tsholomnqa kapena pa Madisi.