Lamulo la mfuti la dziko la South Africa

Firearms Control Act 60 of 2000 ndi lamulo lomwe limayendetsa nkhani za mfuti ndi zipolopolo m'dziko la South Africa. Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu 2000, koma lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004. Lidalowa m'malo mwa lamulo la mu 1969 lotchedwa Arms and Ammunition Act, lomwe lidapangidwa mu ulamuliro watsankho. M'lamulo lakalelo, munthu akalandira laisensi ya mfuti, inkakhala yake mpaka imfa. Lamulo latsopanoli lidaika malire a nthawi pa laisensi iliyonse.

Oyenera kukhala ndi mfuti

Munthu asanapemphe laisensi, amayamba wapeza chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti. Wopemphayo akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, ngakhale lamulo limalola ena ocheperapo pa zifukwa zapadera. Akhalenso nzika ya South Africa kapena mlendo amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Choncho Mmalawi kapena mlendo wina amene ali ndi chilolezo chongogwirira ntchito kwa kanthawi sangalandire chiphasochi.

Wopemphayo amachita maphunziro a kagwiridwe ka mfuti, amalemba mayeso a lamuloli, ndipo apolisi amatenga zidindo za zala zake. Amene adapezeka wolakwa pa milandu ya chiwawa kapena nkhanza za m'banja, komanso amene ali kapolo wa mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, amakanidwa.

Mitundu ya laisensi

Mfuti iliyonse imakhala ndi laisensi yakeyake, ndipo imalembedwa m'kaundula wa apolisi wotchedwa Central Firearms Register. Laisensi yodzitetezera imaperekedwa pa mfuti imodzi yokha ndipo imatha pakapita zaka 5. Laisensi ya alenje ndi ochita masewero owombera imatha pakapita zaka 10. Mwini mfuti amayenera kupempha yatsopano kusanatsale masiku 90 kuti yakaleyo ithe. Anthu wamba saloledwa kukhala ndi mfuti zomwe zimalavula zipolopolo mosalekeza chala chikangokoka kamodzi.

Kasungidwe

Mfuti ikakhala kuti mwini wake sanainyamule, iyenera kutsekeredwa m'bokosi lachitsulo lovomerezeka. Poyenda nayo pagulu, iyenera kukhala yobisika. Anthu ambiri amaloledwa kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse. Ikabedwa kapena kusowa, mwini wake auze apolisi pasanathe maola 24. Bwalo lamilandu kapena apolisi angathe kugamula kuti munthu sakuyeneranso kukhala ndi mfuti, mwachitsanzo ngati waopseza kupha mnzake kapena kudzipha yekha.

Mikangano ndi zovuta

Mabungwe a alenje ndi eni mfuti akhala akudandaula kuti apolisi amachedwa kutulutsa malaisensi. Bungwe la South African Hunters and Game Conservation Association lidakasuma kukhoti kutsutsa ndime zokhudza kutha kwa laisensi. Mu June 2018, Constitutional Court idagamula kuti ndimezo n'zovomerezeka, ndipo idati kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe koma mwayi womwe lamulo limauyendetsa.

Mu 2021 boma lidatulutsa bilu yofuna kuchotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera laisensi. Eni mfuti adaikana mwamphamvu ponena kuti umbanda wachuluka ndipo apolisi sathandiza msanga. Bungwe la Gun Free South Africa lidaigwirizana nayo ponena kuti mfuti za m'nyumba zimabedwa n'kukathera m'manja mwa zigawenga, komanso zimapha amayi pa mikangano ya m'banja.

Vuto lina lili mkati mwa polisi momwemo. Mu 2016 mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, adalamulidwa kukhala kundende zaka 18 atavomera kuti adagulitsa mfuti zoposa 2,000 zomwe zinkayenera kuphwanyidwa. Zambiri mwa mfutizo zidakafika kwa magulu a zigawenga m'chigawo cha Western Cape. Pofuna kuchepetsa mfuti zopanda laisensi, boma limalengeza nthawi yoti anthu azipereke kupolisi popanda kuimbidwa mlandu wozisunga, monga lidachitira kuyambira December 2019 mpaka May 2020.