Chisankho cha Tower Hamlets, 2022

Tower Hamlets ndi dera la kum'mawa kwa mzinda wa London, ku England, komwe anthu amasankha okha meya pamodzi ndi makhansala 45. Pachisankho cha pa 5 Meyi 2022, Lutfur Rahman wa chipani cha Aspire adagonjetsa John Biggs wa Labour, yemwe adali pampando wa meya kuyambira 2015.

Zotsatirazi zidadzidzimutsa ambiri chifukwa cha mbiri ya Rahman. Iye adapambana umeya mu 2010 ndi 2014, koma mu Epulo 2015 khoti loweruza milandu ya zisankho lidamuchotsa litapeza kuti padali zachinyengo, ndipo lidamuletsa kupikisana kwa zaka zisanu. Chiletso chitatha, ovota adamubwezera pampando.

Pa makhansala, Aspire idapeza mipando 24, Labour 19, ndipo Conservative ndi Green umodziumodzi. Chodandaulitsa n'chakuti mwa makhansala 24 a Aspire mudalibe mayi ngakhale mmodzi.

Nthawiyo ovota ankachonga munthu woyamba ndi wachiwiri pa umeya. Lamulo la zisankho la 2022 lidathetsa njirayi, ndipo lidakhazikitsa yakuti wopambana akhale wopeza mavoti ochuluka basi.