Utsi wa m'chilimwe ku Utale

Utsi wa m'chilimwe ndi chifunga chotuwa chomwe chimaphimba chigwa cha Shire, kuphatikizapo dera la Utale m'boma la Balaka, kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Balaka idali mbali ya boma la Machinga kufikira chaka cha 1998. Utsiwu ukachuluka, mapiri a ku Machinga saonekanso bwino, ndipo dzuwa limafiira lisadafike polowera.

Gwero lake

Utsi wambiri umachokera ku moto wa m'tchire, womwe anthu amayatsa posaka mbewa, posa m'minda kapena pofuna msipu watsopano. Palinso mauvuni a makala ndi a njerwa, komanso mafuwa a m'khitchini. Koma si utsi wonse womwe ndi wa pompano. Tizinthu ta mu utsi timatha kuyandama mumlengalenga pafupifupi sabata yathunthu, choncho mphepo imabweretsa utsi wa moto woyaka kutali, monga ku Mozambique ndi ku Zambia. Mvula ndiyo imatsuka mlengalenga, makamaka ya chizimalupsa.

Zomwe zili mu utsi

Akatswiri amatcha tizinthu toyandamati ma aerosol. Toopsa kwambiri ndi tomwe amati PM2.5, tosapitirira mamaikulomita 2.5, tomwe timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mu 2021 bungwe la WHO lidati pa avereji ya chaka chonse tisamapitirire mamaikulogalamu 5 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Dzuwa likawomba mipweya ya mu utsi pamapangika ozoni. Ozoni wa kumwamba kwenikweni amatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, koma wa pafupi ndi nthaka amapweteka m'chifuwa ndiponso amachepetsa zokolola. Pa nkhani ya nyengo, utsi umagwira ntchito ziwiri zotsutsana: mwaye wakuda umamwa kutentha kwa dzuwa n'kutenthetsa mpweya, pamene tizinthu totuwa timabweza kuwala n'kuziziritsa nthaka. N'chifukwa chake utsi ndi chimodzi mwa zinthu zovuta kuwerengera pa kafukufuku wa kusintha kwa nyengo.

Kafukufuku

Mu Ogasiti ndi Seputembala 2000 padachitika kafukufuku wa SAFARI 2000, yemwe adasonkhanitsa asayansi a kummwera kwa Africa ndi a bungwe la NASA. Adagwiritsa ntchito ndege, setilaiti ya Terra ndi zipangizo za pansi, monga choyezera kuwala kwa dzuwa cha ku Mongu m'dziko la Zambia. Ku Lusaka gulu la Anne Thompson lidaulutsa zibaluni zoyezera ozoni, ndipo lidapeza kuti wina amachokera mumzinda momwemo, wina ku moto wa m'mayiko ena. Adaonanso mkokomo wa utsi wotalika, womwe adautcha mtsinje wa utsi, ukulowera ku nyanja ya Indian Ocean.

Ku Malawi kafukufuku wodziwika kwambiri adayang'ana m'khitchini. Wotchedwa CAPS, wotsogozedwa ndi Kevin Mortimer wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, adachitika m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, ndipo adatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zotulutsa utsi wochepa, ena adapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira, zomwe zidatuluka mu The Lancet kumapeto kwa 2016, zidadabwitsa ambiri: chibayo sichidachepe mwa ana a m'mabanja a mbaula zatsopano. Chimodzi mwa zifukwa zomwe ofufuzawo adatchula n'chakuti mwana sapuma mpweya wa m'khitchini wokha. Amapumanso utsi wa zinyalala zotenthedwa ndi wa moto wa kwa anansi.

Izi zikukhudza Balaka, komwe mbaula ya dothi ya chitetezo idafalitsidwa kwambiri. Mbaulayi imapulumutsa nkhuni, ndipo phindu limeneli silochepa m'dera lomwe mitengo ikutha, koma payokha siingayeretse mpweya wa mudzi wonse. Kuwotcha makala popanda chilolezo n'koletsedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2020.