Kukonza mavuto a NAT pa firewall

NAT, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Network Address Translation, ndi njira imene rauta kapena firewall imasinthira adiresi ya IP pa uthenga wodutsa pakati pa netiweki ya mkati ndi intaneti. Chifukwa cha njirayi, makompyuta ndi mafoni onse a pa ofesi, pa sukulu kapena pa chipatala amalowa pa intaneti ndi adiresi imodzi yokha yooneka kunja. Kukonza mavuto a NAT ndi ntchito yofufuza malo enieni amene kusinthako kwalakwika. Mutuwu umapezeka m'mayeso a satifiketi monga CCNA ya kampani ya Cisco ndi MTCNA ya kampani ya MikroTik, komanso ndi ntchito ya masiku onse kwa osamalira manetiweki m'maboma monga Dowa ndi Ntchisi, kumene intaneti imafika kawirikawiri kudzera pa nsanja za makampani a mafoni.

Mbiri

Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32, choncho maadiresi onse amene angakhalepo ndi 4,294,967,296. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri anaona kuti chiwerengerochi sichidzakwanira. Mu Meyi 1994, Kjeld Egevang ndi Paul Francis anafotokoza NAT m'chikalata cha RFC 1631, chimene chinalowedwa m'malo ndi RFC 3022 mu 2001. Mu 1996, chikalata cha RFC 1918 chinapatula magulu atatu a maadiresi oti azigwira ntchito mkati mokha: 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16. Aliyense akhoza kuwagwiritsa ntchito osapempha chilolezo, koma sayenda pa intaneti.

Bungwe la IANA linagawa magulu ake omaliza a maadiresi a IPv4 pa 3 Febuluwale 2011. Mu Africa, wogawa maadiresi ndi AFRINIC, bungwe lomwe likulu lake lili ku Mauritius, ndipo makampani a intaneti a ku Malawi amatenga maadiresi awo kumeneko. Kuyambira mu 2017 bungweli linayamba kugawa maadiresi otsala mowumira.

Momwe NAT imagwirira ntchito

Uthenga umayenda pa netiweki m'tizigawo totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imanyamula adiresi ya kochokera, adiresi ya kopita, ndi manambala a mapoti osonyeza pulogalamu imene ikutumiza kapena kulandira. Kompyuta ya adiresi 192.168.1.20 ikafuna kutsegula tsamba la pa intaneti, firewall imachotsa adiresiyo n'kuikapo yake yakunja, mwachitsanzo 203.0.113.5, ndipo imalemba kusinthako m'tebulo. Yankho likabwera, imayang'ana m'tebulomo n'kubwezeretsa adiresi yoyamba. Ngati m'tebulo mulibe kanthu kogwirizana ndi paketi yochokera kunja, paketiyo imatayidwa.

Pali mitundu inayi imene wophunzira ayenera kuisiyanitsa. Static NAT imamangirira adiresi imodzi ya mkati ku adiresi imodzi yakunja nthawi zonse. Dynamic NAT imabwereketsa adiresi kuchokera pagulu la maadiresi akunja. PAT imaunjika makompyuta ambiri pa adiresi imodzi n'kuwasiyanitsa ndi manambala a mapoti, ndipo ndiyo yofala kwambiri. Pa MikroTik ndi pa Linux, njira yake yodziwika imatchedwa masquerade. Mtundu wachinayi umasintha adiresi ya kopita, kuti munthu amene ali kunja afike pa seva kapena kamera ya mkati. Ambiri amautchula port forwarding.

Mabuku a Cisco amatchula adiresi yeniyeni ya kompyuta ya mkati kuti inside local, ndipo imene dziko lakunja limaiona kuti inside global. M'chitsanzo chapamwambachi, 192.168.1.20 ndi inside local pamene 203.0.113.5 ndi inside global.

Ndondomeko yofufuzira vuto

Mfundo yaikulu ndi kutsatira paketi kuchokera pamene yanyamukira mpaka pamene yankho labwerera, ndi kudziwa adiresi imene yanyamula pamalo aliwonse. Kusintha malamulo mongoyerekeza kumabisa vuto loyamba n'kubala ena.

Choyamba ndi kutsimikiza kuti intaneti ikufika pa firewall. M'madera a mapiri monga Ntchisi ndi kum'mawa kwa Dowa, phiri limatha kutchinga pakati pa nsanja ndi mlongoti wa pa ofesi, ndipo mphezi kapena kuzima kwa magetsi kumatha kuzimitsa zipangizo. Ngati firewall yokhayo ikulephera kufika pa rauta ya kampani ya intaneti ndi lamulo la ping, vuto si la NAT.

Chachiwiri ndi kuona ngati paketi ikufika pa firewall kuchokera mkati. Kompyuta imene yapatsidwa adiresi ya gateway yolakwika situmiza n'komwe mapaketi ake kumeneko. Ngati ping ya adiresi ya manambala ikutheka koma mayina a masamba sakutseguka, vuto lili pa DNS.

Chachitatu ndi kuona lamulo la NAT limene paketi yagwerapo. Firewall zambiri zimawerenga malamulo kuchokera pamwamba n'kuima pa loyamba logwirizana nalo, choncho lamulo lokhudza netiweki yonse likakhala pamwamba limaphimba lamulo la seva imodzi limene lili pansi. Pa Cisco ASA malamulo ali m'zigawo zitatu zowerengedwa motsatana, ndipo lamulo la show nat limasonyeza kuti lililonse lagwira ntchito kangati. Lamulo limene chiwerengero chake chili pa 0 silikufikiridwa. Pa rauta ya Cisco, cholakwika chofala ndi kusemphanitsa ip nat inside ndi ip nat outside, kapena kuiwala mawu akuti overload, amene amalola makompyuta ambiri kugawana adiresi imodzi.

Chachinayi ndi kuwerenga tebulo la kusinthako. Pa rauta ya Cisco lamulo lake ndi show ip nat translations, pa ASA ndi show xlate ndi show conn. Lamulo la NAT likasinthidwa, zolembedwa zakale zimatha kutsalira m'tebulo mpaka nthawi yake itatha kapena zitafufutidwa.

Chachisanu ndi kuyerekeza lamulo la chitetezo ndi lamulo la NAT, chifukwa paketi ikhoza kusinthidwa bwino koma n'kukanizidwa kudutsa. Apa makampani amasiyana. Cisco ASA, kuyambira pa pulogalamu ya 8.3 ya mu 2010, imafuna adiresi yeniyeni ya seva m'malamulo a chitetezo, pamene mapulogalamu akale ankafuna adiresi yakunja. Firewall za Palo Alto Networks zimafuna adiresi ya paketi isanasinthidwe koma chigawo cha netiweki chimene paketiyo ikalowe itasinthidwa. Pa MikroTik ndi pa Linux, adiresi ya kopita imasinthidwa paketi isanafike pa malamulo osefa, choncho malamulowo amaona adiresi ya mkati.

Chomaliza ndi njira yobwerera. Seva ikalandira paketi kudzera pa firewall imodzi koma n'kuyankha kudzera pa rauta ina, yankho limatuluka ndi adiresi yosayembekezeka ndipo kulumikizana kumaduka. Izi zimachitika pamalo amene pali makampani awiri a intaneti, ina yodalirapo ina ikazima. Zida monga packet-tracer pa ASA, diagnose debug flow pa FortiGate, ndi mapulogalamu a tcpdump ndi Wireshark zimaonetsa pamene paketi yathera.

Mavuto ofala

Kusintha adiresi kawiri. Makampani ambiri a mafoni padziko lonse amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Mu 2012, RFC 6598 inapatula gulu la 100.64.0.0/10 kuti lizigwira ntchito imeneyi. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023, nayonso imagwiritsa ntchito CGNAT pa IPv4 kwa makasitomala wamba. Chizindikiro chake n'chosavuta: adiresi ya mbali yakunja ya firewall imakhala ya m'gulu limeneli kapena ya RFC 1918, ndipo imasiyana ndi imene masamba a pa intaneti akuona. Zikatero, port forwarding singatheke ngakhale malamulo onse atalembedwa molondola, chifukwa paketi yochokera kunja imathera pa zipangizo za kampaniyo. Njira zake ndi kupempha adiresi yakunja yayekha, kugwiritsa ntchito IPv6, kapena kutsegula VPN yoyambira mkati kupita ku seva yakunja.

Maadiresi ofanana mbali ziwiri. Mwachitsanzo, bungwe lokhala ndi ofesi pa Mponela ndi ina pa boma la Ntchisi likhoza kugula marauta awiri ofanana, onse ogawa maadiresi a 192.168.1.0/24. Maofesiwa akalumikizidwa ndi VPN, kompyuta ya pa Mponela imaganiza kuti seva ya ku Ntchisi ili m'nyumba momwemo, ndipo paketi situluka. Mankhwala okhalitsa ndi kusintha maadiresi a ofesi imodzi, ngakhale NAT ya mbali zonse ziwiri ikhoza kuthandiza kwa kanthawi.

VPN yodzuka koma yosadutsa kanthu. Kawirikawiri lamulo la PAT limakhala litasintha adiresi ya paketi isanalowe mu VPN. Pamafunika lamulo lopatula mapaketiwo, loikidwa pamwamba. Komanso IPsec ikamadutsa pa NAT imafuna mapoti a UDP 500 ndi 4500 akhale otsegula.

Seva yofikirika kunja kokha. Anthu a muofesi akamalephera kutsegula seva yawo ndi adiresi yake yakunja pamene a kunja akutha, pamafunika lamulo lotchedwa hairpin NAT, kapena DNS ya mkati yopereka adiresi yeniyeni ya sevayo.

Kutha kwa mapoti. Manambala a mapoti amalekeza pa 65,535. Pamalo a anthu ambiri, monga pa koleji kapena pa malo ophunzitsira makompyuta ngati amene ali pa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, mapoti kapena malo a m'tebulo akhoza kudzaza ngati rauta ndi yaing'ono. Chizindikiro chake ndi chakuti olumikizidwa kale amapitiriza koma atsopano amakanika.

Mawu omveka mbali imodzi. Mafoni a pa intaneti ogwiritsa ntchito SIP amalemba adiresi mkati mwa uthenga weniweniwo, mmene NAT wamba siifikamo. Zotsatira zake, mmodzi amamva mnzake koma iye samveka.

Pokonzekera mayeso

Mayeso a CCNA 200-301, amene anayamba mu Febuluwale 2020, amafuna kuti wolemba athe kukhazikitsa NAT ndi kutsimikiza kuti ikugwira ntchito. Mafunso a mtunduwu amaonetsa malamulo kapena tebulo n'kufunsa chimene chalakwika, choncho kuloweza malamulo pakokha sikukwanira. Pulogalamu ya Cisco Packet Tracer imapezeka kwaulere kwa olembetsa ku Cisco Networking Academy, ndipo GNS3 nayonso ndi yaulere. Njira imodzi yophunzirira ndi kumanga netiweki yoyenda bwino, kuiwononga dala pamalo amodzi, kenako n'kulemba chizindikiro chimene chaoneka.

NAT ndi chitetezo

NAT imabisa maadiresi a mkati, koma siyang'ana zimene paketi yanyamula, choncho silowa m'malo mwa malamulo a chitetezo. Poti lotsegulidwa pofuna kuyesa likaiwalika, kamera kapena seva ya zolemba za odwala imakhala poyera kwa aliyense. IPv6, imene adiresi yake ili ndi mabiti 128, imachotsa kusowa kwa maadiresi kumene kunabweretsa NAT, koma firewall imafunikabe kuti isankhe zolowa ndi zotuluka.