Zithunzi-thunzi za m'Mabuku a Livingstone

Mtsinje wa Luangwa, utapitirira dziko la Mfumu Nyalugwe, utsikira kumwera kukathira m'Zambezi pakati pa Zumbo ndi Feira, kumene lero kuchedwa Luangwa. Pa mathiriro amenewa Dotolo David Livingstone anaoloka ndi Amakololo ace m'mwezi wa January 1856, pa bwato la anthu a Mfumu Mburuma. Kwa Nyalugwe sanafikeko, koma analemba zimene anamva za Ansenga, kuti ali osula zitsulo. Buku la ulendowo, lochedwa Missionary Travels, linasindikizidwa ku London ndi John Murray m'caka ca 1857, ndipo Azungu ambiri anayamba kuona maiko a Zambezi m'zithunzi-thunzi zace.

Tsono funso liyenera kufunsidwa: kodi zithunzizo anazijambula ndani? Livingstone sanali mmisiri wa kujambula. Iye anali kungolemba mizere yowerengeka m'kabuku kace, monga anacitira pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1855, ndipo zotsala anali kufotokoza ndi pakamwa kapena m'kalata. Masiku amenewo cithunzi cisanalowe m'buku cinali kupita m'manja atatu. Woyamba ndiye mlendo amene anaona cinthuco. Waciwiri ndiye wojambula wa ku London, amene anali kucikonza ndi kucilemba pa kathabwa kosalala ka mtengo wolimba. Wacitatu ndiye mmisiri wozokota, monga Josiah Whymper, amene anali kusema ndi kacitsulo kosongoka malo onse oyenera kukhala oyera, nasiya mizere yokha yotenga inki. Kathabwako ndiko kanali kudinda pa pepala.

Mau opita m'makutu atatu safika monga anacokera, ndipo cithunzi ciri cimodzi-modzi. Citsanzo ndi ca mkango umene unaluma Livingstone pa phewa ku Mabotsa m'caka ca 1844. Anaujambula ndi Joseph Wolf, mmisiri wodziwika wa zithunzi za nyama, amene panalibe pa tsikulo. Livingstone ataciona anaipidwa naco, nalembera Murray kudandaula kuti odziwa mkango adzaciseka. Koma cinalowabe m'buku, ndipo mpaka lero ndico cidziwika koposa zinzace.

Pa ulendo wa 1858 Boma la Mangalande linatumiza wojambula weni-weni, Thomas Baines, amene anajambula Tete ndi mathithi a Kebrabasa ali pomwepo. Koma m'caka ca 1859 Livingstone anamcotsa nchito pomganizira kuti anaononga katundu wa ulendo, mlandu umene Baines anaukana mpaka imfa yace. Cifukwa cace pamene Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, ku mapiri a Shire, m'mwezi wa July 1861, Baines kunalibe. Cithunzi ca akapolowo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pa zingwe, cinazokotedwa ku Mangalande, nicituruka m'buku la 1865 la ulendo wa Zambezi.

Kodi pamenepa cithunzico nca bodza? Iai. Nkhope za anthuwo ndi mitengo ya m'njira zinacokera m'mutu mwa wojambula, koma goli linali loona, ndi akapolonso anali oona. Ansenga a m'cigwa ca Luangwa anacidziwa bwino cimeneci, pakuti m'zaka zotsatira Acikunda a Matakenya, ocokera ku Zumbo, anapasula midzi yao ndi kugwira anthu. Cithunzico cinafika m'nyumba za anthu amene sakadawerenga buku lonse, nicithandiza kuutsa mitima yao kudana ndi malonda a akapolo.

Motero munthu wophunzira, akapeza zithunzi zotere m'mabuku a mbiri, asazitaye, komanso asazimeze zonse. Ayambe wafunsa kuti wojambulayo analipo kapena anangomva, ndi kuti anafuna kuonetsa ciani kwa ogula buku. Pambuyo pace alinganize ndi zimene akulu-akulu a kwao asimba za masiku a Acikunda, popeza iwo anazilandira kwa makolo amene anabvala goli m'khosi mwao. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.